Momwe Pretty Hate Machine Chinapangidwira, ndi Phokoso la Kuno ku Bapong

 Ena mwa inu mwangoweruka kumene ku shifiti, ena mwakwera matakisi kuchokera ku Majakaneng, ku Segwaelane ndi ku Wonderkop, ndiye sindikutayirani nthawi.

Ndikamba za chimbale chimodzi cha ku America, dzina lake Pretty Hate Machine, chimene chinatuluka pa 20 Okutobala 1989 m'dzina la gulu la Nine Inch Nails. Nyimbo za mtundu umenewu amazitcha industrial rock: magitala okalipa, ng'oma za pa makina, ndi phokoso lokhala ngati la m'fakitale. Wina afunsa kuti zikutikhudza bwanji ife anthu a amapiano, a rege ndi a kwaya. Zikutikhudza chifukwa phokoso limene azungu amenewa ankalisakasaka, inu mumagona nalo ndi kudzuka nalo. Zimafani zopopera mpweya mu mgodi sizipuma usiku wonse. Malole pa msewu wa N4 salekeza. Komabe achinyamata amene ali ndi FL Studio pa laputopu kuno akugwiritsa ntchito ng'oma zomwe zija wina aliyense ku Lagos kapena ku Lilongwe watsitsa pa intaneti. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nyimbo zimenezi zinayamba Nine Inch Nails isanabadwe. Mu 1976 gulu la ku England la Throbbing Gristle linatsegula kampani yakeyake yotulutsa nyimbo n'kuitcha Industrial Records, ndipo dzina la mtundu wonsewu linachokera pamenepo. Ku West Berlin, mu 1980, kunabadwa gulu la Einstürzende Neubauten. Woimba ng'oma wawo, N.U. Unruh, anagulitsa ng'oma zake chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndiye anatola zitsulo zotayidwa n'kumamenya zimenezo. Zina mwa nyimbo zawo zoyambirira anazijambulira m'kamphako ka mkati mwa mlatho wa msewu waukulu, magalimoto akudutsa pamwamba pawo. Chimbale chawo cha 1981, Kollaps, chili ndi malata, mapaipi, zoboolera ndi munthu wokuwa. Ku Ulaya anthu anati n'zachilendo zedi.

Mmalawi akamva zimenezi amangoseka. Kwathu mwana wa zaka khumi amatenga chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga, banjo yatheka. Babatoni amene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba ndi mtengo wautali, waya mmodzi ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, ndipo amauliza ndi kamtengo ndi botolo. Madalitso Band yafika nawo ku Ulaya babatoni yemweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timatola chitsulo kuti chilire mokoma ngati chida chogula kusitolo, pamene a ku Berlin aja ankafuna chitsulo chilire ngati chitsulo basi, ndi ukali wake wonse.

Gulu lina limene liyenera kutchulidwa pamalo ngati pano ndi Test Dept la ku London. Pa sitalaka yaikulu ya anthu a m'migodi ya malasha ku Britain, ya 1984 mpaka 1985, anyamata amenewa, omenya migolo ndi zitsulo, anagwirizana ndi kwaya ya anthu a m'migodi a ku South Wales amene anali pa sitalakayo. Anayenda limodzi kuimba, natulutsa chimbale chotchedwa Shoulder to Shoulder kuti ndalama zake zithandize mabanja osalandira malipiro. Inu amene munakhala miyezi isanu osalandira pa sitalaka ya mu 2014 mukudziwa kuti thandizo lotere si nthabwala.

Tsopano za mwini nkhani. Nine Inch Nails pa nthawi ya chimbale choyamba inali munthu mmodzi, Trent Reznor. Anabadwa mu 1965 ndipo anakulira m'katauni ka Mercer ku Pennsylvania, dera limene mafakitale a zitsulo ankatsekedwa limodzi ndi limodzi iye akukula. Anaphunzira piyano ali wamng'ono, ndipo zimenezi muzisunge, tibwererako. Anayamba maphunziro a makompyuta ku Allegheny College, nasiya patangotha chaka, napita ku Cleveland kukaimba kiyibodi m'magulu osiyanasiyana. Kumeneko anapeza ntchito pa situdiyo ya Right Track. Ntchito yake inali yothandiza wojambula nyimbo, komanso kusesa, kukolopa ndi kutsuka zimbudzi. Mwini situdiyoyo, Bart Koster, anamulola kuti anthu onse akaweruka, iye azijambula zake kwaulere.

Ankagwira ntchito usiku, yekha. Anayesa kufunafuna anzake oti aimbe nawo koma sanapeze omvetsa zimene ankafuna, ndiye pafupifupi chida chilichonse anaimba yekha, monga ankachitira Prince. Zipangizo zake mukanaziona mukanamumvera chisoni. Kompyuta yake inali Macintosh Plus, imene inkatuluka m'fakitale ndi memori ya megabayiti imodzi, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi cha pa foni yanu sichikanakwanamo. Kompyutayo sinkajambula mawu. Ntchito yake inali kulamula zida zina kuti iwe lira pano, iwe khala chete apa. Chida chachikulu chinali sampler yotchedwa E-mu Emax. Sampler ndi makina amene umawamvetsera phokoso lililonse, kaya chitseko chamenyetseka kaya munthu wakhosomola, iwo n'kuligwira n'kuliika pa mabatani a kiyibodi. Ukadina batani la kumanzere phokoso lija limalira mwa besi ndi mochedwa, ukadina la kumanja limalira mopyapyala ndi mwachangu. Emax inkasunga mawu osafika ngakhale mphindi imodzi pa nthawi imodzi, ndipo inkawakanda pang'ono, moti chimene walowetsa chosalala chinkatuluka ndi mchenga. Mchenga umenewo ndiwo theka la kukoma kwa chimbalechi. Lero anthu amagula mapulogalamu odula kuti awabwezere kukanda komweko.

Kuchepa kwa memori kunamukakamiza kusankha. Sakanatha kusunga ng'oma zana n'kumasinthasintha mpaka kucha. Ankadula kachidutswa ka theka la sekondi, n'kukaumba mpaka kagwire ntchito. Ndikaona mnyamata ali ndi mafoda odzaza ng'oma zikwizikwi koma nyimbo yomaliza alibe ndi imodzi yomwe, ndimakumbukira zimenezi.

Atatumiza makaseti ku makampani, anasaina ndi TVT Records ya ku New York, kampani imene inkadziwika ndi kugulitsa zimbale za tinyimbo toyambira mapulogalamu a pa TV. Kenako anayenda m'masitudiyo a ku London, New York ndi Boston kukamaliza nyimbozo ndi akatswiri anayi. Flood, amene pa nthawiyo anali otanganidwa ndi Depeche Mode, anangogwira ziwiri, Head Like a Hole ndi Terrible Lie. Zambiri anagwira John Fryer ku Blackwing Studios. Awiri otsalawo ndi Adrian Sherwood ndi Keith LeBlanc, ndipo pa iwowa ndiima pang'ono.

Sherwood ndi Mngelezi amene anakulira mu rege ndi dub ya anthu a ku Jamaica okhala ku London. Luso la dub inu mumalidziwa: kuchotsa zida zonse mwadzidzidzi n'kusiya besi ndi ng'oma, kuponya mawu kuti azibwerera ngati wakuwa m'phanga. LeBlanc anali woimba ng'oma wa Sugar Hill Records, kumene kunatuluka zimbale zoyambirira za hip hop. Mu 1983 anatenga zolankhula za Malcolm X n'kuziika pa ng'oma za makina mu nyimbo ya No Sell Out. Chaka chotsatira iye ndi Sherwood anachita chimodzimodzi ndi mawu a Arthur Scargill, mtsogoleri wa anthu a m'migodi ku Britain, mu nyimbo yotchedwa Strike. Ndipo mu 1985 LeBlanc anali nawo pa chimbale cha Sun City, chimene Steven Van Zandt anasonkhanitsira oimba kuti akane kukaimba ku Sun City nthawi ya tsankho. Sun City yomweyi ya ku Pilanesberg, imene inali m'dziko lonamizira la Bophuthatswana pamodzi ndi Bapong ino. Manja amene anadula ng'oma za Down in It, nyimbo yoyamba kutuluka pa chimbalechi, anali atagwirapo kale nkhani ya dera lino.

Ndiye musanamizidwe kuti izi ndi nyimbo za azungu okhaokha. Pansi pa phokosolo pali rege, pali hip hop, pali funk. Pa chikuto cha chimbalecho Reznor anathokoza Public Enemy ndi Prince mwa ena amene anatengako mawu ndi nzeru. Mu Down in It sakuimba kwenikweni, akurapa, ngakhale kuti kurapa kwake n'kolimba msana. Iye mwini anavomera kuti nyimbo imeneyo anaitengera kwambiri ku Dig It ya gulu la ku Canada la Skinny Puppy.

Tiyeni timvetsere Head Like a Hole, ndipo makutu anu akhale pa masekondi oyambirira. Choyamba ndi tizitsulo togundana, tikudumpha kuchoka ku sipika ya kumanzere kupita ku ya kumanja. Kenako mawu a anthu odulidwadulidwa akubwereza chinthu chimodzi. Ndiye ng'oma yaikulu ndi besi ya synthesizer, yosasintha, yosatopa, ngati lamba wonyamula miyala. Munthu akuyamba kuimba motsitsa. Gitala palibe. Gitala akudikira mpaka pa kolasi, ndipo akalowa akulowa ngati khoma, munthu uja n'kuyamba kukuwa. Kolasi ikatha gitala akuchotsedwa, mwatsala ndi makina aja. Chinsinsi chake n'chimenechi: phokoso limamveka lalikulu chifukwa cha chete amene analipo lisanabwere. Amene amadzaza nyimbo yonse ndi ukali kuyambira pachiyambi, ikamafika mphindi yachiwiri khutu lazolowera, palibenso chowopsa.

Tsopano Something I Can Never Have. Muno mulibe ng'oma yovinira. Muli piyano yobwereza timanotsi towerengeka, ndipo kumbuyo kwake kuli chinthu chofwenthera ndi kugunda ngati makina a nthunzi m'chipinda china. Apa ndi pamene maphunziro a piyano aja akuonekera. Magulu amene anamutsogolera ambiri ankanyoza kolasi, ankati nyimbo yoti munthu aziimba posamba ndi malonda. Reznor sanachite nazo manyazi. Nyimbo zonse khumi za m'chimbalechi zili ndi vesi, kolasi ndi kamzere kogwira mtima koti mawa lake kazikuzungulira m'mutu. Phokoso lili ngati tsabola: a Kollaps anakupatsani mbale yodzaza tsabola yekhayekha, Reznor anamuthira m'ndiwo. N'chifukwa chake Kollaps amachilemekeza akatswiri, pamene Pretty Hate Machine chinakhala pa mndandanda wa Billboard zaka zoposa ziwiri, ndipo pofika 2003 chinali chitagulidwa makope mamiliyoni atatu ku America.

Sindikuchiyamikira chonse. Mawu a nyimbo zambiri ndi madandaulo a mnyamata wa zaka 24 amene chibwenzi chamuthera ndipo wakwiyira Mulungu. Anawatenga m'kabuku kake kolembamo zakukhosi, ndipo pena zikuchita kuonekeratu. Nyimbo ngati Kinda I Want To ndi That's What I Get zakalamba, ng'oma zake n'zopyapyala poyerekeza ndi log drum imene mwazolowera. Koma kusabisa kwakeko n'kumene kunakoka anthu. Ena onse a mtundu umenewu ankaimba za nkhondo, za maboma ndi za kutha kwa dziko. Iye anati ine ndikumva kuwawa, ndipo anazinena pakati pa makina osamva chisoni. Pa siteji anasonkhanitsa gulu lenileni, ndi Richard Patrick pa gitala ndi Chris Vrenna pa ng'oma, ndipo nyimbo zomwezo zinakula ukali moti pa ulendo wa Lollapalooza mu 1991 ankaphwanya zida pamaso pa anthu.

Koma pali chimene Reznor analibe. Sanagwirepo ntchito pansi pa nthaka. Fakitale ya m'chimbale chake ndi yongoganizira, yopangidwa pa kiyibodi. Pano pakhala abambo amene amagwira makina oboolera miyala yotchedwa Merensky ndi UG2, atagwada pamalo poti munthu sangaimirire, madzi akuthira, mpweya ukufwenthera, chitsulo chikugunda mwala kambirimbiri pa sekondi imodzi mpaka mano kuchita dzanzi. Malire a lamulo ndi madesibelo 85 pa maola asanu ndi atatu. Makina oboolera a mpweya amapitirira 100, ndipo pa 100 khutu losatetezedwa limakhala lalandira mlingo wa tsiku lonse m'mphindi 15 zokha. Mukudziwa madala amene amati bwerezanso katatu, amene amakweza wailesi mpaka ana kudandaula, amene makutu awo amalira usiku ngati muli nkhululu. Khutu likafa motere silidzukanso, ndipo chipukuta misozi cha Rand Mutual sichibweza kumva. Inu achinyamata a mahedifoni, lamulo la madesibelo ndi lomwelo. Woimba amene wagontha ali ndi zaka makumi atatu wataya chida chake chachikulu.

Migodi ya dziko lino inabala kale nyimbo zake, ndipo ife tili momwemo. Gule wa majombo anakulira m'makomponi, anthu akumenya jombo ndi manja. Abasotho ali ndi famo, kodiyoni ndi ng'oma ya mgolo yokhala ndi tizitsulo tolira. Hugh Masekela mu Stimela, ya 1974, anasandutsa pakamwa pake ndi kabelu kachitsulo kukhala sitima yamalasha yonyamula anthu opita ku Joni, ndipo Malawi anaitchula. Chaka chomwecho, pa 4 Epulo, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Agogo athu a Wenela ndi Theba anabwera ndi magitala, magalamafoni ndi kwela, imene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaisandutsa yathu. Amene munaonera filimu ya Rehad Desai, Miners Shot Down, munamva anthu pa kaphiri ka ku Wonderkop akuimba motsitsa, akugundanitsa zitsulo ndi zibonga mogwirizana, lisanafike tsiku la 16 Ogasiti 2012 pamene apolisi anapha anthu 34. Zimenezo ndazitchula mwaulemu. Amasiye ake ali moyo, ena ndi oyandikana nanu nyumba. Si mawu oti munthu angodula n'kuika pa biti kuti nyimbo yake imveke yoopsa.

Zoti mujambule zilipo zambiri popanda kukhudza maliro a eni. Foni musalowe nayo mu mgodi, n'zoletsedwa ndipo ntchito ingakuthereni. Za pamtunda pano n'zokwanira. Pitani kwa wowotcherera zitsulo, mupemphe, mujambule grinder ikudya paipi. Jambulani chitseko cha takisi ya Quantum chikutsekedwa pa renki, matalala akugwa pa malata a mkhukhu, wilibala yopanda girisi, silinda ya gasi yopanda kanthu mutaigogoda ndi sipanala. Foni muiike pafupi, kutalika kwa dzanja limodzi, muitchinjirize ku mphepo ndi sokosi, ndipo muonetsetse kuti mzere sukufika pofiira. Mukafika pa laputopu dulani pamene chitsulo chagunda penipeni, osasiya kampata kutsogolo, apo ayi biti yanu izitsimphina. Silinda ija mukaitsitsa manotsi khumi ndi awiri isanduka besi yoti palibe wina ali nayo. Chitseko cha takisi chikhala sineya. Mukatero muchite zimene anachita Reznor: zimitsani zonse, khalani ndi kiyibodi kapena gitala, muone ngati nyimboyo ikuimika popanda phokoso. Ngati siikuimika, zitsulo sizidzaipulumutsa. Ndipo muimbe m'chinenero chimene mumalota nacho, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, kaya chosakaniza ndi Setswana ndi Fanakalo monga mumayankhulira pa renki.

Chatsala ndi nkhani ya pepala. Reznor anasaina ndi TVT ali wosauka ndi wofulumira. Chimbale chitagulidwa kwambiri, iye ndi mwini kampaniyo, Steve Gottlieb, anayambana koopsa, chifukwa kampani inkafuna kulamula zimene ajambule kenako. Zinafika poti nyimbo zotsatira, za pa Broken ya 1992, ankazijambula mobisa, akulembetsa mayina abodza m'masitudiyo kuopa kuti TVT ingazilande. Anapulumuka pamene Interscope inalowererapo n'kumupatsa kampani yakeyake, Nothing Records. Koma Pretty Hate Machine chinatsalira. TVT inali itachiika chikole pa ngongole, ndipo italephera kubweza, obwereketsa ndalamawo anachiika pa malonda mu 2005. Pofika nthawiyo chinali chitasowa m'masitolo kwa nthawi ndithu. Rykodisc inachitulutsanso chaka chomwecho, kenako mu 2010 umwini unapita ku Bicycle Music Company, imene inamuitana Reznor kuti adzakonzenso kamvekedwe ka chimbale chimene anachiyamba yekha usiku atamaliza kukolopa. Pa kutulutsa kwa 2010 mawu a mu filimu ya Midnight Express amene anali mu nyimbo ya Sanctified anachotsedwa, pakuti mawu obwereka ali ndi eni ake. Silinda ya gasi ilibe loya.

Choncho wina akakubweretserani kontirakiti, kaya ndi kampani ya ku Johannesburg kaya ndi mnzanu wa situdiyo ya kuseri kwa shabini, mufunse zinthu izi musanagwire cholembera: mwini wa nyimbo yojambulidwayo ndi ndani, kwa zaka zingati, ndipo kampani ikagwa kapena ikagulitsidwa nyimboyo ipita kwa yani. Mugwirizane za magawo a wopanga biti, wolemba mawu ndi woimba tsiku lomwelo lojambula, mulembe, aliyense asaine. Nyimbo zanu mukazilembetse ku SAMRO ngati mapepala anu okhalira kuno ali bwino, ndipo kwathu kuli COSOMA. Amene mwabwera ndi malaputopu musachoke, ndabweretsa silinda ndi sipanala, tiyesere pompano.